Kumene nambala ya pa chala imabadwira

Dzuwa la Okutobala lafika paliwombo. Pa khonde la chipatala china chaching'ono cha kumudzi, mzere wa amayi wakhotera mpaka kuseri kwa nyumba. Mayi amene ali kutsogolo wafungatira khanda losakwana chaka. Likupuma mothamanga, nthiti zikuchita kulowa m'kati.

Namwino akutulutsa kachipangizo m'thumba la yunifolomu, n'kumangirira kalamba kake kuchala chachikulu cha kuphazi kwa mwanayo. Chalacho chikuwala mofiira.

Pa sikirini palibe nambala. Pali timizere tiwiri basi, tikuphethira.

Namwinoyo sakugogoda chipangizocho, sakusinthanso batire. Akupempha mayiyo kuti agwire mwendo mwana asapalase, kenako akukoka nsonga ya chitenje n'kuphimba phazi lonse. Onse awiri maso ali pa sikirini.

88.

Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana amene mpweya wa okosijeni m'magazi mwake watsika kuchepera 90 apatsidwe okosijeni. Pachipatala pano palibe. Foni yoitana ambulansi yayamba kale kuimbidwa.

Chipangizo ichi dzina lake ndi pulse oximeter. Amalawi ambiri anachidziwa nthawi ya Covid-19, matenda amene anatsimikizika koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo 2020. Kuyambira pamenepo chinalowa m'mafamase ndi m'zikwama za anthu wamba, ndipo ambiri amakhulupirira nambala yake mosakayika konse.

Koma chitenje chija chinakonza chiyani? Yankho lili pa kaseketi kakang'ono kobisika m'kati, kamene ntchito yake ndi imodzi yokha: kutembenuza karenti kuti ikhale voteji.

Diso losadziwa kuyankhula

Mukatsegula kalamba kaja mupeza zinthu zitatu. Mbali imodzi kuli timagetsi tiwiri ta LED. Kamodzi kamatulutsa kuwala kofiira, kwa ma nanometre pafupifupi 660. Kanzake kamatulutsa kuwala kwa infrared, kwa pafupifupi 940, kumene diso la munthu silikuona. Mbali inayo ya chala kuli photodiode, kachidutswa ka silicon kongofanana kukula ndi njere ya mapira.

Magazi odzaza ndi okosijeni amamwa infrared wambiri n'kulola kuwala kofiira kudutsa. Magazi osowa okosijeni amachita zosemphana: amamwa kwambiri kofiirako. Ndiye mukadziwa kuchuluka kwa kuwala kulikonse kumene kwatulukira tsidya lina la chala, mwayandikira yankho.

Photodiode ikalandira kuwala imatulutsa karenti. Kuwala kukawirikiza kawiri, karenti nayo imawirikiza kawiri, ndipo imachita zimenezi mokhulupirika kuyambira pa kuwala kwa chizimezime mpaka pa kuwala kothobwa m'maso. N'chifukwa chake akatswiri amaikonda.

Vuto lili kwa wowerenga. Kakompyuta kamene kamalemba nambala pa sikirini kamawerenga voteji. Karenti yopyapyala chonchi sikaimva.

Amene anatungapo madzi pampope amazidziwa kale ziwirizi. Karenti ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipi pa sekondi iliyonse, pamene voteji ndi mphamvu imene ikuwakankha. Wina akhoza kukhala ndi geji yoyeza kukankhako koma n'kumafuna kudziwa madzi amene akudutsa. Pamenepo m'pamene pamafunika womasulira.

Ndipo karenti yake ndi yochepa zedi. Tchaja ya foni imapereka amp imodzi kapena awiri. Photodiode ya kuseri kwa chala imapereka ma microamp ochepa chabe, nthawi zina osakwana n'imodzi yomwe. Microamp ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a amp.

Nkhani sithera pomwepo. Kuwala kochuluka kumamwedwa ndi khungu, fupa, mnofu ndi magazi a m'mitsempha yobwerera kumtima, ndipo zimenezi sizisintha. Chimene chipangizo chimasaka ndi kagawo kamene kamakwera n'kutsika mtima ukagunda. Kawirikawiri kagawoko kamangokwana 1 kapena 2 pa 100 aliwonse, ndipo phazi likazizira kamachepa kuposa apa.

Moyo wa mwana ukuwerengedwa pa kakarenti kotere.

Njira yachidule ndi malire ake

Njira yakale kwambiri yotembenuzira karenti kukhala voteji imafuna chinthu chimodzi: resistor. Mu 1827 Georg Simon Ohm, mphunzitsi wa ku Germany, anafalitsa lamulo limene ana a sekondale amaloweza mpaka lero, lakuti voteji ndi karenti kuchulukitsa ndi resistance. Dutsitsani karenti mu resistor yodziwika kukula kwake, yezani voteji mbali zake ziwiri, mwatha.

Njirayi ili paliponse. Mamita ambiri a magetsi a m'nyumba, amene amadya mayunitsi athu, ali ndi kachitsulo kotchedwa shunt kamene magetsi onse a nyumba amadutsamo. Kachitsuloko kamagwetsa timamilivoti tochepa, ndipo mita imawerenga pamenepo. Mita ya wokonza mafoni kumsika imachitanso chimodzimodzi akaitembenuzira ku ma amp.

M'mafakitale a shuga, a simenti ndi m'malo opopera madzi muli dongosolo lina lanzeru. Chipangizo choyeza kutentha kwa boila kapena kudzaza kwa thanki chimatumiza uthenga wake ngati karenti ya pakati pa ma milliamp 4 ndi 20. Ku chipinda choyang'anira makina, karentiyo imadutsa mu resistor ya ma ohm 250 n'kusanduka voteji ya pakati pa 1 ndi 5. Waya angatalike bwanji, karenti imene yalowa mbali ino ndi yomweyo imene imatuluka mbali inayo. Ndipo poti thanki yopanda kanthu imatumiza 4, osati 0, injiniya akaona 0 amadziwa kuti waya waduka penapake.

Nanga bwanji osangochita zomwezo ndi photodiode?

Yesani. Kuti microamp imodzi ibereke voti imodzi, pafunika resistor ya ma ohm miliyoni imodzi. Mukailumikiza mwachindunji, voteji imene ikubadwayo imakhalanso pa photodiode yeniyeniyo. Ikayandikira theka la voti, photodiode imayamba kudzimwera yokha karenti yake. Kuwala kuwirikize kawiri, nambala ingosuntha pang'ono. Kukhulupirika kuja kwatha.

Palinso ulesi. Photodiode iliyonse, pamodzi ndi waya wake, imasunga timagetsi pang'ono monga imachitira kapasita. Voteji isanasinthe, nkhokwe imeneyi iyenera kudzazidwa kapena kukhuthulidwa kudzera mu resistor yaikulu ija. Photodiode ndi waya za ma picofarad 100 pa resistor ya miliyoni imodzi zimayamba kutsalira kuwala kukamaphethira koposa ka 1,600 pa sekondi.

Resistor yaing'ono imathamanga koma uthenga wake sumveka. Yaikulu imamveka koma ndi yaulesi ndiponso yabodza.

Nzeru ya pa bwato

Njira yotulukira mumsamphawu inachokera ku matelefoni. Mu Ogasiti 1927, Harold Black, injiniya wa ku Bell Labs, anali pa bwato lowolotsa anthu pamtsinje wa Hudson akupita kuntchito ku New York. Vuto limene linkamusowetsa tulo linali la zokuzira mawu za pa mawaya a telefoni aatali, zimene zinkapotoza mawu. Ali pa bwatopo analemba ganizo lake pa nyuzipepala: tenga gawo la zimene chokuzira chatulutsa, ulibweze polowera, koma motsutsana. Chokuziracho chizidzidzudzula chokha.

Ganizo limeneli ndi limene limayendetsa kachipu kotchedwa op-amp. Ma op-amp oyamba kugulitsidwa anali a mavavu agalasi otentha. Mu 1968 kampani ya Fairchild inatulutsa 741, kachipu ka miyendo 8 kamene ophunzira zamagetsi amayambirapo mpaka pano.

Op-amp ili ndi polowera pawiri, pa + ndi pa −, ndi potulukira pamodzi. Khalidwe lake ndi losavuta kunena. Imayang'ana kusiyana kwa voteji ya polowera pawiripo n'kukukuza ka 100,000 kapena kuposa. Koma polowerapo siimwa karenti, kupatula kadontho kosaoneka.

Tsopano lumikizani chonchi. Mwendo wa + upite ku 0. Photodiode ipite ku mwendo wa −. Resistor yaikulu ija ichoke potulukira ibwerere ku mwendo wa − womwewo.

Kuwala kwafika, karenti yanyamuka. Mu op-amp siingalowe. Njira yatsala imodzi, ya mu resistor. Voteji ya pa mwendo wa − ikangoti isunthe, op-amp imasuntha potulukira pake mbali yotsutsana mpaka mwendowo ubwerere pa 0. Zotsatira zake, photodiode nthawi zonse imaona ngati yalumikizidwa ku 0, ngakhale palibe waya woilumikiza kumeneko. Siidzimweranso karenti. Nkhokwe yake ija siifunikanso kudzazidwa n'kukhuthulidwa, choncho ulesi umachepa kwambiri.

Ntchito yonse yasamukira potulukira. Microamp imodzi pa ma ohm miliyoni imodzi ikupereka voti imodzi. Theka la microamp, theka la voti. Kugunda kwa mtima kuja, kwa 1 kapena 2 pa 100, kukuoneka ngati mamilivoti 10 kapena 20, zimene kakompyuta kangawerenge bwinobwino. Chachilendo chimodzi n'chakuti yankho limatuluka chadodolido: karenti ikamalowa pa mwendo wa −, voteji ya potulukira imatsika. Wopanga amangotembenuza photodiode kapena masamu.

Akatswiri amaitcha seketi imeneyi transimpedance amplifier. Pa pepala ndi zinthu ziwiri zokha, op-amp ndi resistor.

Pa pepala.

Makhalidwe ake enieni

Khalidwe loyamba ndi kukhuta. Op-amp siingatulutse voteji yoposa imene batire laipatsa, ndipo mabatire awiri ang'onoang'ono amangopereka mavoti 3. Dzuwa la masana likalowa m'mbali mwa kalamba n'kugwera pa photodiode, imatha kutulutsa ma microamp mazanamazana. Pa resistor ya miliyoni imodzi, masamu akufuna mavoti mazanamazana. Op-amp imakwera mpaka pamene batire lathera n'kuima pomwepo. Mtima ugunde, usagunde, potulukira sipasuntha.

Opanga anaganizira za kuwala kwa m'chipinda. Timagetsi tija sitiyaka nthawi imodzi. Kofiira kamayaka, kenako ka infrared, kenako tonse timazima, ndipo izi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pamene tazima, chipangizo chimayeza kuwala kwa kunja n'kukuchotsera pa zinazo. Koma kuchotsera kumatheka ngati seketi sinakhute. Ikakhuta, miyeso itatu yonse imafanana, ndipo chotsala ndi timizere tiwiri.

Chitenje chija chinangobwezera op-amp malo opumira.

Khalidwe lachiwiri ndi lodabwitsa: seketi imatha kuyamba kuimba yokha. Kudzidzudzula kwa Black kumagwira ntchito ngati uthenga ukubwerera pa nthawi yake. Koma op-amp imachedwa pang'ono, ndipo resistor yaikulu pamodzi ndi nkhokwe ya photodiode zimawonjezera kuchedwa kwina. Chidzudzulo chikafika mochedwa chimapyola muyeso, chotsatira chimapyola mbali inayo, ndipo mapeto ake potulukira pamangonjenjemera ka masauzande ambiri pa sekondi popanda kuwala kulikonse kosintha.

Mankhwala ake ndi kakapasita ka ma picofarad ochepa koikidwa pambali pa resistor ija. Pa bodi kamaoneka ngati kamchenga. Kakachepa, seketi imanjenjemera. Kakakula, ulesi umabwerera. Ma picofarad 10 pa resistor ya miliyoni imodzi amaika malire pafupi ndi ka 16,000 pa sekondi, zokwanira kwa chala koma zosathandiza konse pa intaneti. Amene amakonza zinthu mwa kuchotsa chilichonse chooneka chopanda ntchito ayenera kukaopa kamchenga kameneka.

Lachitatu ndi phokoso. Resistor iliyonse, ngakhale itangokhala m'kabati, imatulutsa kavoteji kosokonekera chifukwa ma electron ake amagwedezeka ndi kutentha. John B. Johnson anayeza zimenezi ku Bell Labs komweko, Harry Nyquist n'kuzifotokoza mwa masamu, ndipo onse awiri anafalitsa mu 1928. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ophunzira ambiri. Resistor yaikulu ili ndi phokoso lalikulu, inde, koma mukaikuza kanayi uthenga umakula kanayi pamene phokoso limangokula kawiri. Choncho wopanga wanzeru amasankha resistor yaikulu kwambiri imene liwiro ndi batire zingamulole.

Lachinayi ndi limene limatikhudza kwambiri kuno: kutentha, chinyezi ndi litsiro.

M'chipinda chokonzera

Kuseri kwa chipatala china chachikulu kuli chipinda chimene odwala sachiona. Muli mabedi othyoka, makina opangira okosijeni otsegulidwa mimba, ndi katoni yodzaza timalamba ta oximeter tosiya kugwira ntchito. Pa tebulo pali mita, chowotcherera, kabotolo ka sipiriti ndi kamswachi kakale.

Tekinishala akutenga kalamba kamodzi. Chipangizo chenichenicho sakuchitsegula. Akuyamba wapinda waya pang'onopang'ono pakhosi pake, pamene umalowera m'kalamba, maso ali pa kuwala kofiira. Kuwalako kukuthima, kukuyaka, kukuthima. Wapezeka wolakwa.

Ambiri mwa mavuto amathera pamenepa, pa waya wopindidwa ndi kukokedwa tsiku ndi tsiku. Koma waya ameneyu si wamba. M'kati mwake, timawaya ta photodiode tazunguliridwa ndi ukonde wachitsulo wotchinga. Magetsi a ESCOM amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo waya aliyense wa m'khoma amamwaza kamphamvu kake m'chipinda. Seketi yomva ma nanoamp imatola zonsezo. Wina akalumikiza podukapo ndi waya wa wailesi n'kukulunga tepi, kuwala kofiira kuyaka ndithu, nambala ibwera, koma izingodumphadumpha.

Chipangizo chakufa n'chabwinoko kusiyana ndi chotere. Chakufa palibe amachikhulupirira.

Akatsegula bodi, tekinishala wodziwa ntchito sagwira pafupi ndi mwendo wa − ndi chala. Thukuta ndi mchere, ndipo mchere wonyowa umadutsitsa magetsi. Zotsalira za mafuta owotcherera nazo zimayamwa chinyezi cha dzinja. Kanjira ka litsiro ka ma ohm biliyoni imodzi kamamveka ngati khoma lolimba, komatu mavoti 3 amakankha ma nanoamp 3 kudutsa pamenepo. Pa wailesi zimenezo si kanthu. Pa uthenga wa ma nanoamp 10 kapena 20 ndi nkhani yaikulu, makamaka chifukwa kudonthako kumasintha ndi nyengo. Ndiye ntchito ya sipiriti ndi kamswachi kaja imeneyo. Pa mabodi abwino mumaonanso kamzere ka kopa kozungulira mwendo wovutawo, kamene kamagwira karenti yosochera isanafike.

Kutentha kumawonjezera zake. Photodiode imadontha kakarenti ngakhale mumdima, ndipo kudonthako kumawirikiza pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Chipangizo choyesedwa m'chipinda cha madigiri 25 chimakumana ndi dziko lina ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Novembala, kumene kutentha kumapyola 40.

Palinso msampha wa zosinthira. Ma op-amp ambiri ali ndi miyendo yofanana, ndipo wina amalowa bwinobwino pamalo pa mnzake. Koma 741 imamwa pafupifupi ma nanoamp 80 polowera pake, kuposa uthenga wonse wa kugunda kwa mtima kuja. Ma op-amp opangidwira ntchito imeneyi amamwa zochepa ka masauzande. Kunja amafanana. Zolembedwa pamsana pake ndi zimene zimasiyana, ndipo wogulitsa kumsika sangakuuzeni.

Ngakhale kalamba ka kampani ina sikoyenera kungolumikizidwa pa chipangizo cha kampani ina chifukwa pulagi yalowa. Kuwala kwa timagetsi kumasiyana pang'ono, ndipo makampani ena amabisa resistor kapena kachipu m'pulagimo kouza chipangizo mtundu wa timagetsi timene talumikizidwa.

Maphunziro a uinjiniya wa zipangizo zachipatala alipo tsopano ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo, ndipo Unduna wa Zaumoyo uli ndi nthambi yosamalira zipangizo. Maganizo anga ndi akuti pogula zipangizo, ndalama ya timalamba tosinthira ndi ya anthu amenewa iziwerengedwa tsiku lomwelo logula, osati katoni ija itadzaza.

Shuga, intaneti ndi selo limodzi

Seketi yomweyi ili m'zikwama za odwala shuga ambiri amene amadziyeza okha. Pa kapepala koyezera pali enzyme imene imagwira shuga wa m'dontho la magazi n'kumasula ma electron. Makina amaika kavoteji kochepa pa kapepalako, karenti ya ma microamp imayenda molingana ndi kuchuluka kwa shuga, op-amp ndi resistor zimaitembenuza, ndipo m'masekondi ochepa nambala yatuluka. Ganizoli linachokera kwa Leland Clark ndi Champ Lyons mu 1962, ndipo makina oyamba a mtundu umenewu ogwiritsa ntchito kunyumba, a ExacTech, anatuluka mu 1987. Apa ubwino wa op-amp ndi wakuti imasunga voteji ya pa kapepala pamalo amodzi pamene ikuyeza. Koma kabotolo ka timapepala kakasiyidwa kosatseka m'dzinja, enzyme imawonongeka, ndipo seketi idzamasulira mokhulupirika karenti yolakwika.

Uthenga wa WhatsApp wochokera ku Johannesburg kapena ku London umayenda mtunda wake waukulu ngati kuwala m'kaulusi kagalasi. Mawaya a pansi pa nyanja a SEACOM, amene anayamba ntchito mu 2009, ndi a EASSy a mu 2010, amatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndipo mayiko opanda gombe ngati Malawi ndi Zambia amalumikizika kudzera m'mawaya agalasi a pamtunda. Kumathero kwa ulusi uliwonse kuli photodiode ndi seketi yathu ija. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kuwala kumaphethira ka mabiliyoni pa sekondi, choncho resistor imakhala yaing'ono, ya ma ohm mazana kapena masauzande ochepa, ndipo photodiode imamatidwa pafupi kwambiri ndi kachipu kuti pasakhale waya wochedwetsa.

Kumbali inayo, ya karenti yochepetsetsa, kuli asayansi a ku Göttingen, Erwin Neher ndi Bert Sakmann. Mu 1976 anayeza karenti yodutsa pa kabowo kamodzi ka pakhungu la selo lamoyo, ya ma picoamp ochepa. Picoamp imodzi ndi ma electron pafupifupi 6 miliyoni pa sekondi, pamene amp imodzi ndi miyandamiyanda yosawerengeka pakamwa. Zoyezera zotere zimagwiritsa ntchito ma resistor a ma ohm mabiliyoni ambiri. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1991.

Chimene seketi siingakonze

Amene anatulukira njira yoyezera okosijeni ndi kugunda kwa mtima ndi Takuo Aoyagi, injiniya wa kampani ya Nihon Kohden ku Japan. Mu 1972 ankayesa kuyeza magazi amene mtima umapopa powalitsa kuwala pakhutu, ndipo kugunda kwa mtima kunkamusokonezera miyeso. Pofuna kuchotsa chisokonezocho anazindikira kuti m'menemo ndi m'mene muli yankho la okosijeni. Anamwalira mu Epulo 2020 ali ndi zaka 84, mwezi umene dziko lonse linkalimbirana chipangizo chake.

Phindu lake kuno ndi lodziwika. Kafukufuku amene anachitika m'zipatala zakumudzi ku Lilongwe ndi ku Mchinji, wofalitsidwa mu 2016 m'magazini ya WHO, anapeza kuti chipangizochi chinkatulukira ana odwala chibayo osowa okosijeni kwambiri amene zizindikiro zooneka ndi maso zokha sizikanawatumiza kuchipatala chachikulu. Bungwe la Lifebox, lokhazikitsidwa mu 2011, lagawa zipangizo zolimba m'mafiyeta a mayiko ambiri osauka, Malawi ali m'gulumo.

Koma pali sitepe yomaliza imene op-amp siifikako. Seketi ikatha kutembenuza, kakompyuta kamayerekeza kugunda kwa kuwala kofiira ndi kwa infrared n'kupeza nambala imodzi. Nambalayo sinakhale okosijeni ayi. Kakompyuta kamakaifufuza pa mndandanda umene kampani inakonza poyesa anthu athanzi odzipereka, opumitsidwa mpweya wochepa okosijeni mpaka pafupi ndi 70, kwinaku akutengedwa magazi a mumtsempha kuti ayerekezedwe.

Anthu akewo anali ndani?

Malangizo a mu 2013 a FDA, bungwe loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, ankalola kuyesa anthu 10 okha, ndipo akhungu lakuda mwa iwo akanatha kukhala awiri basi. Melanin, amene amadetsa khungu, amamwa kuwala kofiira kuposa infrared. Pa pepala zimenezi zimayenera kudzichotsa zokha m'masamu, poti khungu siligunda ndi mtima. M'wodi sizinatero kwenikweni.

Mu Disembala 2020, Michael Sjoding ndi anzake a ku University of Michigan anafalitsa zimene anapeza mu New England Journal of Medicine. Anayang'ana odwala amene chipangizo chinkati ali pakati pa 92 ndi 96, nambala zimene namwino aliyense angadutse osadandaula. Atayerekeza ndi magazi enieni, panali ena amene okosijeni wawo anali pansi pa 88. Mwa odwala achikuda zimenezi zinapezeka pa miyeso 11.7 mwa 100 iliyonse. Mwa azungu, 3.6.

Cholakwikacho chimapendekera mbali yoopsa. Chipangizo chimanena kuti zili bwino pamene sizili bwino.

Ku America nkhaniyi ndi ya gulu lochepa la odwala. Ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete ndi ya pafupifupi aliyense wogona pa bedi. Sizikutanthauza kuti zipangizozi zitayidwe, poti popanda izo ana ambiri osowa mpweya sangadziwike n'komwe. Zikutanthauza kuti 92 pa munthu amene akuoneka kuti akubanika si chifukwa chomubwezera kunyumba. Dzanja lozizira, kyutekisi ya pa chikhadabo ndi kugwedezeka nazo zimapotoza nambala, ndipo kamzere kovina pa sikirini, kosonyeza kugunda kwa mtima, ndi kamene kamaulula ngati seketi ikumva uthenga weniweni kapena phokoso.

FDA inachenjeza za vutoli mu Febuluwale 2021, ndipo mu Januwale 2025 inatulutsa malangizo atsopano oti anthu aperekepo maganizo, ofuna kuti makampani aziyesa anthu osachepera 150 a makungu osiyanasiyana. Zipangizo zambiri zimene zili kale m'mawodi zinapangidwa malangizowa asanabwere.

Ndipo malangizo onsewa amakhudza zipangizo zolembetsedwa kuti ndi zachipatala. Tambiri mwa totchipa timene tinasefukira m'mashopu nthawi ya Covid-19 sitili m'gulu limenelo. Mukatembenuza katoni yake, m'zilembo zing'onozing'ono, ena amalemba poyera kuti n'ta anthu amasewera ndi oyendetsa ndege, osati toyezera odwala.